Batire likatha mphamvu limapita kuti?

Aliyense woyenda m'makwalala a Chilomoni madzulo magetsi atazima akudziwa kuti mdima wa masiku ano sufanana ndi mdima wa kale. Kale magetsi akathima tinkathamangira koloboyi kapena kandulo, ndipo ana ankalemba ntchito ya kusukulu maso akulira ndi utsi wa parafini. Lero kuchokera ku Nthukwa mpaka ku Sigerege timababu toyera timawala m'mazenera. Pa malata pali sola, pansi pa tebulo pali batire. Wometa tsitsi akupitiriza kumeta, wotchaja mafoni akulandira ndalama zake, ndipo m'makachisi mwathu zokuzira mawu sizileka kulira chifukwa choti ESCOM yatseka.

Tinafika pamenepa kaamba ka mavuto. M'chaka cha 2017 madzi atachepa mu mtsinje wa Shire, mabanja ankakhala tsiku lonse opanda magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo makinawo anayambanso kugwira ntchito mu 2023. M'miyezi imeneyo amene anali ndi kangachepe anagula batire. Sitikunyoza zimenezi ayi. Kuwala kumeneku kwathandiza ophunzira, kwasunga malonda a anthu, kwapulumutsa nyumba zambiri kumoto wa kandulo. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope ake ndi amene tifuna tilingalire lero, popeza batire lililonse limene tinagula lidzatha mphamvu, ndipo ambiri anatha kale.

Akatswiri amatchula zinthu zotere kuti zinyalala za zipangizo zamagetsi: mafoni akufa, mawailesi, makanema, makompyuta, mafiriji, matochi, mababu, mawaya ndi zina zonse zimene zimayendera magetsi kapena batire. Lipoti la mabungwe a United Nations la chaka cha 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalalazi, kuchoka pa matani 34 miliyoni mu 2010. Mwa zonsezo, 22 pa 100 zokha ndi zimene zinatoleredwa ndi kukonzedwanso m'njira yoyenera. Kuno ku Africa chiwerengerocho sichinafike ngakhale 1 pa 100. Ife a ku Africa timataya zochepa poyerekeza ndi anzathu a ku Ulaya, koma zochepazo zimathera pakhomo pathu pomwe, m'dzala, m'ngalande ndi pamoto.

Pa zonsezi tiyang'ane kwambiri batire lalikulu lija, la galimoto kapena la sola, chifukwa ndilo loopsa koposa ndiponso ndilo limene lili m'nyumba zambiri. Amene analinyamulapo akudziwa kulemera kwake. Kulemerako n'kwa mtovu, chitsulo chotuwa ndi chofewa chimene chimaposa theka la kulemera kwa batire lonse. Mtovuwo uli m'timapuleti timene tamizidwa m'madzi a asidi. Batire likakhala lotseka ndi lathunthu, mtovu suvulaza munthu. Vuto limayamba likang'ambidwa.

Akatswiri a ku yunivesite ya Manchester ya ku Britain, mmodzi mwa iwo Christopher Kinally, anafufuza nkhaniyi m'madera ozungulira mzinda wa Lilongwe, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 2023 ndi 2024. Anaona kuti mabatire a sola za m'nyumba, amene anayenera kukhala zaka zitatu kapena zisanu, kawirikawiri amafa chaka chisanathe. Zifukwa zake n'zodziwika kwa ife tonse. Timagula batire lotchipa, timalilumikiza ku sola popanda kachipangizo koyang'anira kulowa ndi kutuluka kwa moto, kenaka timalikama usiku uliwonse mpaka kanema atazima yekha. Likafa limapita kwa amisiri a pamsika. Iwo amaliswa ndi chikwanje, amathira asidi pansi, amasungunula mtovu pa mbaula ya makala, n'kupanga timapuleti tatsopano ndi manja. Batire lokonzedwalo limagulitsidwanso, ndipo silichedwa kufanso. Ofufuzawo anawerengera kuti pa batire limodzi lokonzedwa motere, makilogalamu apakati pa 3.5 ndi 4.7 a mtovu amatayikira m'dothi ndi mumpweya. Anati mlingo umenewu ukuposa maulendo 100 mlingo umene ungaphe munthu wamkulu ataumeza. Ndipo ntchitoyi imachitikira poyera, m'misewu ya pamsika mmene amayi akugulitsa zakudya ndi mmene ana akudutsa.

Kafukufukuyo anachitikira ku Lilongwe, koma mabatire ali m'nyumba za Chilomoni ndi amtundu womwewo, ogulidwa m'masitolo ofanana, ogwiritsidwa ntchito m'njira yomweyo. Anyamata oyenda khomo ndi khomo kugula zitsulo zakutha timawamva akuitana m'makwalala mwathu, ndipo batire lakufa amaligula mokondwa chifukwa limalemera pasikelo.

Tsono mtovu umachita chiyani m'thupi? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena mosabisa kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Sununkha, suyabwa, sutentha thupi ngati malungo. Umalowa ngati fumbi, kudzera m'mphuno ndi m'kamwa. Mwana wamng'ono amene amakwawa pansi n'kuika zala m'kamwa ndiye amaumeza kwambiri, ndipo thupi lake limayamwa mtovu maulendo anayi kapena asanu kuposa thupi la wamkulu. Ukalowa umapita ku ubongo, kuchiwindi ndi kuimpso, wina n'kukakhazikika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambirimbiri. Mtsikana amene anaumeza ali wamng'ono, akadzakhala ndi pakati mtovu uja umatuluka m'mafupa n'kupita kwa mwana wosabadwayo. Ukachuluka mwana amakomoka, amagwa ngati wakhunyu, mwinanso kumwalira. Ukakhala wochepa sumupha, koma umamuchepetsera nzeru, ndipo zimenezi sizibwereranso.

Apa m'pamene mtima wathu ukuwawa. Mwana wotereyu sadziwika. Amangooneka wosamva m'kalasi, woiwalaiwala, wosakhazikika, wochepa magazi. Aphunzitsi amamutcha mbuli, kunyumba timamukalipira kuti ndi waulesi, ndipo akamadwaladwala pamapezeka ena oloza chala agogo a pakhomo kuti ndiwo akumulodza. Mu 2020 bungwe la UNICEF pamodzi ndi la Pure Earth anaulutsa lipoti lonena kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo anatchula kuswa mabatire mwachisawawa ngati chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu.

Kuti tione kumene njira imeneyi imathera, tiyeni tipite kaye kwa anzathu a m'mayiko ena a mu Africa. Ku Senegal, m'dera la Thiaroye-sur-Mer pafupi ndi mzinda wa Dakar, anthu anakhala akuswa mabatire kwa zaka zambiri, mpaka dothi la m'deralo linadzaza mtovu. Mtengo wa mtovu utakwera, amayi anayamba kusefa dothilo kuti apeze tizidutswa togulitsa, ndipo matumba a dothi ankawasunga m'nyumba. Pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008 ana 18 anamwalira ndi matenda a ubongo amene poyamba palibe anawamvetsa. Amayi amenewa sanali anthu oipa. Ankafunafuna chakudya cha ana omwewo.

Ku Kenya, m'mudzi wa Owino Uhuru mumzinda wa Mombasa, fakitale yosungunula mabatire inatsegulidwa mu 2007 pakati pa nyumba za anthu. Mayi Phyllis Omido, amene ankagwira ntchito pafakitalepo, anazindikira za vutoli mwana wawo wakhanda atadwala n'kupezeka ndi mtovu m'magazi. Anasiya ntchito, anasonkhanitsa anthu a m'mudzimo, anamangidwapo, koma fakitaleyo inatsekedwa mu 2014. Mu 2020 khoti linalamula kuti anthu a m'mudziwo apepesedwe ndi mashilingi a ku Kenya okwana 1.3 biliyoni. Nkhani ya Mombasa ikutiphunzitsanso kuti fakitale payokha si yankho. Fakitale yosasamala imapha anthu ambiri kuposa mbaula.

Pafupi nafe, ku Kabwe m'dziko la Zambia, mtovu sunachokere m'mabatire koma mumgodi umene unatsekedwa mu 1994. Papita zaka zoposa 30, koma ana obadwa dzulo akupezekabe ndi mtovu m'magazi chifukwa cha fumbi la m'mabwalo amene amaseweramo. Mtovu suwola. Khoko la nthochi limasanduka manyowa, chitini chimachita dzimbiri n'kutha, koma mtovu umene wagwa m'dothi lero zidzukulu zathu zidzaupeza pomwepo.

Tibwerere kwathu. Chilomoni anamangidwa m'tsinde mwa phiri la Michiru, ndipo nyumba zambiri zili pamtsetse, ina pamwamba pa inzake. Mitengo ya m'phiri imene inkagwira madzi yathera ku makala. Mvula ikagwa madzi amatsika mwamphamvu, akukokolola zonse za m'dzala la wakumtunda n'kukazitula pakhomo pa wakunsi, m'dimba la masamba, m'chitsime chosawaka. Zotsala zimalowa m'timitsinje, ndipo madzi a mzinda uno amakathera mu Shire, kwa abale athu a ku Chikwawa amene sanaonepo ngakhale kuwala kwa batire lathulo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza kuchuluka kwa zimene madzi a mu Blantyre angathe kunyamula usiku umodzi.

M'dzalamo simuli mabatire aakulu okha. Muli makanema akale a chimsana aja, amene tinayamba kuwataya pamene makanema opyapyala anafika ndiponso pamene dziko linasamukira ku kanema wa dijito, nthawi ya madikoda a Kiliye Kiliye. Galasi la kanema mmodzi wotere limakhala ndi mtovu wokwana kilogalamu kapena kuposerapo, ndipo ana amakonda kuliswa ndi miyala kuti amve kuphulika kwake. Muli mababu opotana osunga magetsi aja, amene m'kati mwake muli mankhwala a mercury oononga ubongo ndi mitsempha. Muli mabatire ang'onoang'ono a tochi ndi wailesi, amene ena amawaponya m'chimbudzi chokumba ati kuti chisadzaze msanga. Muli mabatire otupa a mafoni, amene akabooledwa amayaka moto. Ndipo madzulo mukaona utsi wakuda bii kuseri kwa msika kapena m'mbali mwa mtsinje, kawirikawiri ndi anyamata akuwotcha mawaya kuti pulasitiki apse, patsale kopa wogulitsa. Utsi umenewo uli ndi poizoni amene amatera pa zovala zoyanika, pa masamba ndi pa udzu wa mbuzi, ndipo woyamba kuupuma ndi mnyamata amene akusonkhezera motowo ndi kamtengo.

Makolo athu anati choipa chitsata mwini. Pa nkhani iyi mwambiwu sukugwira. Amene anapanga batire ali kutsidya kwa nyanja, amene analiitanitsa anapeza phindu lake, amene analigula anaonera mpira mpaka linatha. Choipacho chatsata mwana wa zaka ziwiri amene akukwawa pafupi ndi mbaula ya mmisiri. Malamulo a Mose ankadziwa mlandu wamtundu umenewu. Pa Eksodo 21:33-34 pali lamulo la munthu wokumba dzenje n'kulisiya losavundikira: ng'ombe kapena bulu wa mnzake akagweramo, wolipa ndi mwini dzenje, ngakhale kuti sanakankhe chiwetocho. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba akulamulidwa kutchinga m'mphepete mwa denga lake kuti munthu asagwe. M'malamulo onse awiriwa mulibe funso lakuti kodi mwini wake anali ndi cholinga choipa. Mlandu wake ngwakuti anasiya ngozi poyera, podziwa kuti pamadutsa ena.

Tichenjere, komabe, kuti mkwiyo wathu usagwere munthu wolakwika. N'chapafupi kutumiza apolisi kukathamangitsa mmisiri wa pamsika, pamene iyeyo ndiye woyamba kudwala, ndipo fumbi limene latsala m'zovala zake amapita nalo kwa mkazi ndi ana ake. Mukamuthamangitsa pamsika akasamutsira mbaula kuseri kwa nyumba yake, kumene kuli koopsa koposa. Boma la Ghana linagumula msika wotchuka wa zitsulo wa Agbogbloshie mumzinda wa Accra mu 2021, ndipo ntchitoyo inangomwazikira m'madera ena. Tisiyanitsenso pakati pa wosungunula mtovu ndi wokonza zinthu. Mnyamata amene wakhala pakabenchi ndi kachitsulo kowotcherera, akuukitsa foni imene mwini wake anaitaya mtima, akuchepetsa zinyalala kuposa msonkhano uliwonse wa m'hotela. Foni imene yagwira ntchito zaka zisanu m'malo mwa ziwiri ndi foni imodzi yosalowa m'dzala. Kuno ku Chilomoni tili ndi mwayi wa sukulu ya zamakompyuta ya John Paul II pa Beehive, kumene achinyamata amaphunzira za makina amenewa. Luso lilipo m'dera lathu lino. Chosowa ndi malo oyenera kumene chinthu chimene chakanika kukonzeka chingapite.

Malamulo nawo alipo ndithu. Malawi ali m'pangano la Basel la chaka cha 1989, loletsa mayiko kutumizirana zinyalala zoopsa mwachisawawa. Tili ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA. Pofika 2024 dziko linali ndi ndondomeko yakeyake ya zinyalala za zipangizo zamagetsi, imene bungwe la MACRA linathandiza kukonza mogwirizana ndi bungwe la ITU. Zonsezi n'zoyamikika. Koma tikukumbuka nkhani ya majumbo opyapyala, amene boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma eni mafakitale anabwerera kukhoti kangapo majumbowo akuulukabe m'misika. Pepala la ku Lilongwe silifika lokha pa Nthukwa. Mayi amene ali ndi kanema wakufa pansi pa bedi afuna kudziwa chinthu chimodzi: ndikamusiye kuti? Akamuika m'galimoto ya khonsolo, kanemayo akathera kumtaya wa Mzedi pamodzi ndi makoko a chimanga, kumene anthu osauka amafukula ndi manja ndipo moto suchedwa kubuka.

Ife tikuona kuti yankho lina tili nalo kale m'manja, ngakhale sitiliganizira. Ndani mwa ife anaonapo botolo lagalasi la Fanta litatayidwa m'ngalande n'kukhalamo sabata yathunthu? Silikhalitsa, chifukwa lili ndi mtengo, ndipo wagolosale sakupatsani lodzaza musanabweze lopanda kanthu. Botololo limabwerera kufakitale m'galimoto yomweyo imene inabweretsa zakumwa. Palibe anachititsa msonkhano kuti atiphunzitse zimenezi. Ku South Africa ogulitsa mabatire a galimoto amachita chimodzimodzi: wobweza batire lakale amalipira zochepa pogula latsopano, ndipo akalewo amapita kumafakitale ovomerezeka. Mu 2021 dzikolo linaika malamulo okakamiza opanga ndi oitanitsa zipangizo zamagetsi kuti azilipirira kutolera ndi kukonzanso katundu wawo akatha ntchito. Dziko la Rwanda, limene si lolemera kwenikweni, linamanga fakitale yophwasula zinyalala zotere m'boma la Bugesera mu 2017. Ngati sitolo ya ku Limbe ili ndi galimoto yobweretsera mabatire atsopano, galimoto yomweyo ingathe kunyamula akale. Anyamata ogula zitsulo aja sangathe ntchito ayi. Angakhale otolera ovomerezeka, olandira ndalama yochulukirapo pa batire lathunthu kuposa pa loswa. Aphungu ndi makhansala athu akabwera kudzapempha mavoti, limeneli ndi funso loyenera kuwafunsa pamodzi ndi la misewu ndi la madzi.

Podikira zimenezo pali zimene banja lililonse lingachite mawa lomwe. Pogula sola tisaumire ndalama ya kachipangizo koyang'anira moto kaja, chifukwa batire limene lakhala zaka zitatu latipulumutsa ku mabatire awiri akufa. Tisalikame mpaka kutheratu, ndipo ngati lili la mtundu wothira madzi tizithiramo madzi ake a m'batire, osati a pampopi. Likafa tisaliswe, tisathire asidi wake pansi, ndipo chigoba chake chisasanduke chomwera nkhuku kapena mpando wa mwana. Likhale lotseka, choimirira, pamalo ouma pamene ana safika. Pogula latsopano tifunse wogulitsa ngati angalandire lakale. Mwina akana lero, koma akafunsidwa ndi makasitomala khumi adzayamba kuganiza. Amene amagwira ntchito ya mabatire kapena yowotcha mawaya asambe ndi sopo ndi kusintha zovala asanalowe m'nyumba, asadyere pamalo antchito, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asayandikire konse. Babu lopotana likasweka m'nyumba titsegule mazenera, tituluke kaye, kenaka titole zidutswa ndi kansalu konyowa m'malo mosesa.

Mipingo nayo ili ndi mabatire ake. M'zipinda zosungiramo katundu za makachisi ambiri muli mulu wa zokuzira mawu zakupsa, makiyibodi akufa ndi mabatire a maikolofoni amene timasintha Lamulungu lililonse. Tili ndi malo otchingidwa, tili ndi nthawi ya zolengeza, tili ndi amayi a chigwirizano amene amayenda nyumba ndi nyumba kuposa wogwira ntchito aliyense wa khonsolo. Mbiya yapulasitiki yotseka bwino, yoikidwa pakhonde la tchalitchi kapena la mzikiti, ingasonkhanitse mabatire ang'onoang'ono ndi mafoni akufa a dera lonse. Ikadzaza, akuluakulu a mpingo alembere khonsolo ya mzinda ndi a MEPA kuti anene kumene ipite, ndipo kalatayo ikhale ndi chiwerengero cha zimene zatoleredwa. Ntchito imeneyi ndi yofunika kuiyamba m'miyezi ya chilimwe, maenje a zinyalala akadali ouma, mvula yoyamba ya Novembala isanatsike m'Michiru.